Telala Amene Ankayeza Jupita

Achimwene anga anali telala, ine ndinali sekilitale. Iwo ntchito yawo inali kumwaza tizidutswa ta nsalu pansi, ine yanga inali kulongosola zinthu za anthu ena, ngakhale eni ake asanandipemphe. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndili mu ofesi, palibe pepala limene linandisowapo, ndipo ndinkayenda nazo mapewa m'mwamba zimenezo. Achimwene ankanditchula kuti Bwana Sekilitale, makamaka ndikayamba kusesa pansi pa mashini iwo ali mkati mosoka.

Shopu yawo inali chipinda chakumaso cha nyumba yawo yomweyo. Munali mashini opalasa ndi mapazi pafupi ndi windo, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi tepi yoyezera imene sinkachoka m'khosi mwawo ngakhale pa chakudya. Dzanja lawo linali lodziwika. Bambo wa chimimba ankatuluka m'menemo atavala suti, mkazi wake n'kumamufunsa ngati wayamba kuthamanga m'mawa.

Zakuthambo zinawalowa atakula kale. Kasitomala wawo wina, mphunzitsi wopuma ntchito, posamuka anawasiyira telesikopu, chimpope choyera chautali ngati mwana wa sitandade 5. Achimwene anangosuzumiramo kamodzi, basi, matenda. Anapeza kakamera kolowetsa pamene pamakhala diso, natenga laputopu yakale ya mwana wawo, khonde lakuseri n'kusanduka ofesi yachiwiri. Alamu anga, akazi awo, ankangoti, "Abambo ali kwa mkazi mnzanga." Nyenyezi zina zonse analibe nazo ntchito kwenikweni. Mtima wawo unali pa pulaneti imodzi, Jupita, ya mizeremizere ndi banga lofiira pamimba.

Tsiku lina masana ndinawapeza atasiya buluku la munthu pamashini, mphuno ili pa laputopu. Ndinawafunsa chifukwa chimene amavutikira chonchi, pomwe kujambula n'kungodina kamodzi.

"Iwe, khala apa ndikuuze," anatero. "Mpweya wa m'mwambamu sukhazikika, umagwedeza chithunzi. Ndiye sitijambula kamodzi, timatenga vidiyo. Mu vidiyo imodzi muli tizithunzi masauzande. Pulogalamu imasankha tabwino tokhatokha n'kutisanjikiza, chituluke chimodzi choyera."

"Ndiye tengani vidiyo yaitali, ya ola lathunthu, muthane nazo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Unayamba wayezapo mwana wosakhazikika? Ukuyeza phewa, iye watembenuka kale. Jupita ndi wotero. Chimthunthu chonsecho chimazungulira n'kumaliza maola khumi asanakwane. Ukangopitirira mphindi ziwiri kapena zitatu, banga lija lasuntha, mizere yapakana. Ndiye ndimatenga mavidiyo afupiafupi ambirimbiri. Kenako pali pulogalamu ina imene imabweza iliyonse, kumutembenuza Jupitayo kuti onse ayang'ane kumodzi ngati anajambulidwa mphindi imodzi, ndiye n'kuwalumikiza. Koma kuti idziwe kuti imubweze bwanji, imafuna nthawi yeniyeni imene vidiyo iliyonse inatengedwa. Ukaphonya nthawi, waphonya muyezo."

Ine ndinangoti "eyaa, eyaa", maso ali pa ulusi umene unakolana m'kabati. Ndinamva theka, theka linalo linatulukira khutu linali. Ndimadzida ndikakumbukira masana amenewo.

Achimwene anali ndi matenda a shuga, ndipo m'kupita kwa zaka anayamba kuwadya maso. La kumanja linayamba kuchita chifunga mpaka linasiyiratu. La kumanzere linkaonabe, koma dokotala sanawabisire kuti nalonso lili pa ulendo. Ulusi pa singano anayamba kuwalowetsera ndi alamu. Sabata ina anadula nsalu ya diresi la mayi wina mbali yolakwika, zimene sanachitepo chiyambire, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Chaka chimenecho anandiuza mawu amene sindidzawaiwala. "Chemwali, zithunzi zanga zonse ndi zachifunga. Ndikufuna chimodzi chokha chooneka bwino, chojambula ndekha, ndichione ndi diso latsalali. Likatseka litseke, ine nditaona."

Ndipo mwayi unabweradi. M'mawa wina anandiimbira foni ndisanafike n'komwe kuntchito, mawu ali m'mwamba ngati mwana. Akuti usiku wapitawo mpweya unangoti zii, osagwedezeka, zimene anali asanazione pa zaka zisanu ndi chimodzi. Anatenga mavidiyo makumi anayi motsatizana. Chotsala chinali kuwabweza ndi kuwalumikiza, ntchito yofuna masiku angapo. Koma mawa lakelo ankayenera kupita kuchipatala cha maso, kutali ndithu, masiku atatu, alamu n'kuwaperekeza. Anandipempha kuti ndikawasungire nyumba.

Kundisiya ine ndekha m'nyumba ya munthu masiku atatu! Tsiku loyamba ndinasanja ulusi potsata mitundu. Tsiku lachiwiri ndinachapa makatani ndi kukolopa mpaka kuseri kwa kabati. Tsiku lachitatu ndinasowa chogwira, ndiye ndinatsegula laputopu kuti ndilembe kalata. Inayamba kudandaula kuti yadzaza, malo atha. Nditayang'ana, mayo ine, chipwirikiti! Mafayilo akuluakulu, mayina ake manambala okhaokha ataliatali, ndipo pambali pa iliyonse pali kafayilo kena kakang'ono ka manambalanso. Mu ofesi mwanga munthu wosunga zinthu chotero ndikanamukhazika pansi.

Safunsa anadya phula. Foni inali m'thumba, achimwene akanayankha, koma ine ndinkafuna kuwadabwitsa. Mavidiyo onse ndinawalowetsa mu pulogalamu yochepetsa kukula, monga ndinkachitira kuntchito. Atatuluka ndinawasankha onse pamodzi n'kuwapatsa dzina limodzi, Jupita, makina n'kuwaikira okha manambala kuyambira 1 mpaka 40, mosatsata kuti woyamba kujambulidwa ndi uti. Akale aja ndinafufuta. Timafayilo tating'ono tija ndinati ndi zinyalala, ndinafufutanso, n'kukhuthula ndi bini ya m'laputopumo yomwe. Ndinatseka laputopu mtima uli mbee, ndikudziona ngati mlongo wabwino kuposa onse.

Manambala ataliatali aja anali tsiku, ola, mphindi ndi sekondi imene vidiyo iliyonse inatengedwa. Timafayilo tating'onoto tinkasunganso zomwezo. Tsopano mavidiyo onse makumi anayi ankaonetsa nthawi imodzi, masana a tsiku lachitatu lija pamene ine ndinkachita zaukhondo zangazo.

Atabwera, achimwene sanavule n'komwe nsapato. Anakhala patebulo lodulira nsalu, natsegula laputopu, galasi lokulitsa zilembo lili m'manja. Ine ndinaima pakhomo kudikira kuyamikiridwa.

"Mayina aja apita kuti?" anafunsa, osati ine, koma laputopuyo. Anatsegula apa, natsegula apo. "Nthawi zija zili kuti? Mayo! Popanda nthawi ndimubweza bwanji?"

Pamenepo ndi pamene theka lija ndinalitaya linabwerera m'mutu mwanga. Anatembenuka, nandiyang'ana ndi diso limodzi lija.

"Sekilitale, unagwirako laputopuyi?"

"Ine? Ndinangoipukuta fumbi, achimwene."

Anatuluka okha mawuwo, ndisanawaganize. Ndinkaopa, komanso kunena zoona, ndinkachita manyazi. Ine amene sindinasowetsepo pepala la munthu, ndivomere kuti ndawononga chinthu chokhacho chimene mchimwene wanga ankachifuna? Ndinadziuza kuti ndinena mawa, mtima wawo ukatsika.

Sanandifunsenso kachiwiri. Kwathu ndinkadziwika kuti ndine wa pakamwa polasa koma wosanama. Kenako achimwene anati, "Ndiye kuti ndi ineyo. Usiku uja ndinatopa, ndinkangodina zinthu ndisakuziona bwino. Diresi la mayi uja ndinatero, lero ndi izi."

Masiku anayi anayesa kulota nthawizo, kuyerekeza pamene banga lofiira linali pa vidiyo iliyonse. Munthu wa maso awiri mwina akanafikako pafupi. Iwo diso linkangotuluka misozi, mutu n'kumawawa. Chimene chinatuluka chinali ngati nsalu yochucha utoto, mizere yonse itapakana. Tsiku lachisanu anamasula telesikopu, naikulunga m'nsalu ya makatani imene kasitomala sanabwere kudzatenga, n'kuikweza pamwamba pa kabati.

Alamu anawachonderera. "Abambo, bwanji osayesanso? Si akuonekabe Jupitayo madzulo alionse?"

"Kuti ndikaonongenso? Munthu uzidziwa nthawi yosiyira, mayi. Manja akadali anga, koma maso ndi mutu zapita."

Ine ndinali pomwepo, ndikupinda malaya. Mawa lija linasanduka sabata, sabata n'kukhala mwezi, ndipo bodza likagonera limalemera kulinyamula. Ndinayamba kubwera pafupipafupi, kuwatengera mankhwala, kuwawerengera nyuzipepala, kuwaperekeza kwa dokotala. Anthu ankati, "Koma telala ali ndi mlongo!" Mawu amenewo ankandibaya. Madzulo ndikamabwerera kwathu ndinkamuona Jupitayo ali ngwee pamwamba pa madenga, ndipo ndinkayenda nditazolika.

Diso la kumanzere linagwirabe ntchito miyezi inayi, kenako linatseka. Shopu inatsekedwanso. Achimwene sanakhale munthu wodandaula, ayi. Ankakhala pakhonde lakumaso kumacheza ndi odutsa, ndipo ankatha kudziwa mtundu wa nsalu pongoigwira ndi zala. Koma nkhani ya mavidiyo anaisandutsa nthabwala yodziseka nayo. Mlendo aliyense ankauzidwa. "Ine ndi katswiri, inu. Ndinadikira zaka zisanu ndi chimodzi, n'kuzifufuta ndekha pa mphindi imodzi." Anthu ankaseka, iwonso n'kuseka, koma kuseka kwake kunkathera panjira. Ndinaimva nthabwala imeneyo mwina kakhumi, ndipo nthawi zonse ndinkapeza chochita kukhitchini.

Chaka chitatha, Loweruka lina masana, anandiitana. "Bwana Sekilitale, tenga pepala ndi cholembera. Chimpope chija chikungodya fumbi. Tilembe chidziwitso, ukachimate ku sukulu ya sekondale, wochifuna adzatenge ulere."

Ndinakhala pampando moyang'anana nawo, pepala pabondo. Anayamba kutchula, ine ndikulemba. Kukula kwa galasi, kamera, miyendo yake itatu, zonse anali nazo pamtima.

"Pomaliza ulembe kuti chipangizochi chilibe vuto. Mwini wake anasiya chifukwa anayamba kuwononga yekha ntchito yake."

Cholembera chinakana kuyenda.

"Walemba?"

"Achimwene, simunali inu."

"Ukuti chiyani?"

"Mavidiyo aja. Ndinali ine. Laputopu inadzaza, ndiye ndinawachepetsa, ndinasintha mayina, akalewo n'kufufuta. Ndinkati ndikukuthandizani. Mutandifunsa ndinanama."

Ndinayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinkafuna atakalipa, anditukwane, andithamangitse pakhomo pawo. Koma anangokhala, manja ali pa mawondo, nkhope italoza kumsewu kumene sankakuona. Njinga inadutsa. Alamu kukhitchini anasiya kutsuka mbale.

"Unali iwe," anatero potsiriza, motsitsa mawu.

"Ndinali ine. Ndikhululukireni, achimwene."

"Za mafayilo n'zazing'ono, chemwali. Aliyense amalakwitsa." Anatembenukira kwa ine. "Koma ukanangonena. Ndikanakukalipira tsiku limodzi, mawa lake ndikanatulutsa telesikopu. Jupita anakhala pompo miyezi iwiri, diso ili likuona. Ine ndinasiya chifukwa ndinkati mutu wanga watha."

Ndinalira ngati mwana, mayi wamkulu wa imvi, misozi ikugwera papepala. Iwo sanandigwire dzanja, komanso sanandithamangitse. Anadikira mpaka nditatonthola.

"Pepala lija likadalipo?" anafunsa.

"Lilipo."

"Mawu omaliza aja usalembe. Ungoti ikugwira bwino ntchito."