Inki ya Agogo Sitefano

Ndikawakumbukira agogo Sitefano, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo lowawasa la makungwa a mthethe akuwira m'kachitini kuseri kwa khitchini, losakanikirana ndi utsi wa zitsononkho, ndipo ndimawaona iwo atakhala pa kampando m'mawa wa chisanu, nkhungu isanachoke m'mapiri, atavala majekete awiri, akutakasa ndi kamtengo ngati akuphika chinthu chodyedwa. Anali bambo a mayi anga. Kwawo kunali ku Mayani, koma anadzakwatira kwathu kufupi ndi Kasina ali mnyamata, namanga nyumba pa malo a akazi awo, agogo Nambewe, monga amachitira mkamwini aliyense. Anaphunzitsa ana pa sukulu ya pulayimale mpaka kupuma, ndipo mudzi wonse unkawatchula kuti Aphunzitsi.

Anali ndi cholembera cha inki, chakuda, chokhala ndi kathumba ka labala m'kati, ndipo bolopeni sankafuna n'kuigwira komwe. Ankati imalemba ngati munthu amene akuthamangitsidwa. Inki ya m'botolo itasiya kupezeka m'magolosale, anzawo onse anagonja n'kugula mabolopeni, koma iwo anangoti apanga yawo. Ine, kamtsikana ka pulayimale komwe ankakaseka kuti mkazi wawo wamng'ono, ndinkakonda kukhala nawo pafupi chifukwa zala zanga zinkasintha mtundu tsiku ndi tsiku.

Inki zawo zinali ndi makhalidwe ngati anthu, ndipo ankazinena miseche ngati anthu. Ya mwaye wa koloboyi, yosakaniza ndi utomoni wa mtengo wa pichesi, inkatuluka yakuda bii, koma inkatseka kukamwa kwa cholembera, ndipo ukaikhudza ndi chala chonyowa inkapakika pepala lonse. Ya mabulosi inali yokongola, yapepo ngati nsalu ya pa guwa nthawi ya Lenti, koma dzuwa likaiwomba masiku ochepa inkazimirira, ndipo m'botolo inkachita chuku. Imeneyo ankati ndi mlendo, sikhalitsa. Ya njere ya peyala inkafiira ngati magazi, ndipo pa pepala la kope la kusukulu inkayenderera mpaka zilembo kumera timiyendo. Yomwe ankainyadira inali ya makungwa a mthethe, yothiramo madzi a mandimu momwe munagona misomali ya dzimbiri. Polemba inkaoneka ngati tiyi wochepa masamba, moti unkachita kupendeketsa pepala kuti uwerenge, koma ikagona inkada yokha, ndipo madzi sankaichotsa. Zonsezi ankazisefa pa kansalu n'kuthira m'timabotolo tomwe munali mankhwala a chifuwa.

Poyesa, ankadula timapepala, kulembapo ndi inki iliyonse, n'kutimangirira pa ulusi. Ulusi wina unkalendewera pakhonde pomwe dzuwa la masana limafika, wina m'khitchini mu utsi, wina pa mtengo wa pichesi kuti ulawe mame ndi nkhungu. M'mawa ankayendera timapepalato ngati munthu woyendera misampha. Sankalembapo china koma mayina a anthu a pakhomo: langa, la mayi, makamaka la akazi awo. Ankati dzanja silisintha likamalemba dzina lomwe linazolowera, choncho ukaona kusiyana, wadziwa kuti ndi inki. Agogo Nambewe sankadziwa kuwerenga, koma dzina lawo ankalizindikira, ndipo ankauza aliyense wodutsa, uku akuseka, kuti amuna awo awayanika ngati mfutso.

Chaka china chisanu chinavuta. Agogo Nambewe anayamba kutsokomola, kuchipatala anati ndi chibayo, ndipo sanabwerereko ndi moyo.

Kwathu mkazi akamwalira, abale ake amamusudzula mwamuna, kumuuza kuti ndi womasuka kubwerera kwawo. Koma nkhalamba yomwe inabereka pamudzi, inadzala mitengo, inakumba manda a eni mudzi zaka zonsezo, imangosudzulidwa pakamwa n'kupitiriza kukhala ndi ana ake. Tonse tinkadziwa kuti ndi agogo zikhalanso choncho. Anali atakalamba, ndipo ku Mayani kunalibenso munthu wa msinkhu wawo wowadziwa.

Zinasokonekera pa tsiku losesa m'nyumba maliro atatha. Amayi osesawo anapeza timabotolo kunsi kwa bedi, tina tofiira, tina tokhala ndi misomali. Atatuluka anayang'ana pakhonde n'kuona dzina la malemu likulendewera pa ulusi, pena lakuda, pena lofiira, pena, pa timapepala ta mabulosi, litazimirira n'kutsala mthunzi chabe. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kwa a Gervazio, mlongo wawo wa agogo Nambewe, mwini mbumba yathu. Akuti mmene dzinalo linkazimirira pa pepala ndi mmene moyo wa mayi uja unkathera. Ndikulemba pano mtima ukuwirabe. Anthu omwewo amene kwa zaka ankadutsa pakhondepo n'kumaseka, amene ankabwera kudzapempha Aphunzitsi kuti awalembere makalata opita kwa ana awo ku Joni ndi inki yomweyo, lero anachita ngati timapepalato akutiona koyamba.

A Gervazio anaitanitsa mbumba yonse pabwalo la nyumba ya agogo. A Gervaziowo anali munthu wamimba, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu ake ndi olemera, ndipo sankaphonya Misa. Agogo anaganiza ngati mphunzitsi, kuti munthu akalakwitsa sumakangana naye, umangomuonetsa. Analowa m'nyumba, natuluka ndi cholembera, kapepala ndi botolo la inki ya mthethe.

"Alamu, apa palibe mankhwala," anatero. "Ndi makungwa ndi dzimbiri basi. Taonani nokha."

Anaika kapepalako pa bondo, ndipo dzanja linachita zomwe linazolowera. Analemba dzina la munthu amene anali patsogolo pawo. A Gervazio analandira, kupendeketsa uku ndi uku, osaona kanthu kenikeni koma timizere ngati ta madzi. Anakapinda, kukaika m'thumba la malaya ngati umboni, n'kunena kuti nkhani ipitirira mawa.

Madzulo amenewo agogo anadya bwino koyamba chichitikireni maliro. Ankati mawa alamu awo aona inki yeniyeni, ndipo achita manyazi okha. Mayi anga anali atagwira m'mutu.

"Bambo, mayina onsewa, mwalemberanji lawo?"

Agogo anadabwa nalo funsolo. Anafunsa kuti nanga akanalemba la yani.

M'mawa mwake a Gervazio anafika nkhope itagwa, anthu ali pambuyo. Kapepala kaja sanakagwire ndi manja, anakapanira pa kamtengo kong'alula. Dzina lawo linali pamenepo, lakuda bii, lowongoka bwino.

"Dzulo munalemba ndi madzi tonse tikuona," anatero. "Pepalali lagona m'thumba mwanga, pamtima panga. Walidetsa ndani?"

Agogo anayamba kufotokoza za dzimbiri ndi makungwa zikakumana ndi mpweya, koma panalibe womvera. Anyamata analowa m'nyumba, kutulutsa timabotolo tonse n'kukatiponya m'chimbudzi. Ulusi wa pakhonde, wa m'khitchini ndi wa pa pichesi anaudula ndi chikwanje, timapepala n'kutitentha pabwalo, mayina athu akupsa tikuona. Ine ndinalira mokuwa n'kuwauza a Gervazio kuti ndi abodza, mayi n'kunditseka pakamwa ndi chitenje. Pomwepo anagamula kuti Aphunzitsi asudzulidwe zenizeni, achoke sabata isanathe. Munthu amene anaphunzitsa theka la anthu oimirira pabwalopo kugwira pensulo, panalibe ndi mmodzi yemwe wowaikira kumbuyo.

Tinawaperekeza ku msewu ine ndi mayi, mayi atasenza sutikesi, agogo atanyamula ambulera ndi bulangete, cholembera chili m'thumba la jekete chopanda inki. Njira yonse agogo sanacheukire nyumba yomwe anaumba njerwa zake ndi manja awo, kapena mitengo ya mapichesi yomwe inali itayamba maluwa. Galimoto itaonekera patali, anawerama n'kundinong'oneza.

"Mkazi wanga wamng'ono, koma inki ija inada bwino, eti?"

Ndinavomera ndi mutu.

Ku Mayani anakafikira kwa mwana wa mchemwali wawo, amene anawapatsa kachipinda kosungiramo makasu. Mbiri inali itawatsogolera, moti ana a kumeneko ankawathawa. Sanaphikenso makungwa. Mvula yachiwiri isanagwe anamwalira, ndipo anaikidwa komweko, kutali ndi akazi awo. A Gervazio, amene dzina lawo linada usiku umodzi, anakhala zaka zambirimbiri osadwala ngakhale chimfine, akudya mapichesi a m'mitengo ya agogo mpaka mano kutha. Palibe tsiku anapepesa, ndipo pamudzi nkhaniyi inangomezedwa ngati sinachitike.

Ine sindinaimeze. Mayi anga atamwalira zaka zapitazi, mbumba inakhalanso pansi maliro atatha. Bambo anga, nawonso mkamwini, amene tsiku lija la agogo anangoyang'ana pansi poti analibe mawu pamudzi pa eni, anakhala pa mphasa atagwira chipewa m'manja, imvi zili mbuu. Wina wa atsibweni anayamba kukonza kukhosi, n'kunena kuti bambo asudzulidwe monga mwa mwambo, ndiponso poti pali zina zomwe anthu akhala akunong'ona. Sindinadikire kuti ndimve zonong'onazo. Ndinaimirira, kupita kukaima pakhomo la nyumba ya bambo, n'kuwauza kuti mudzi uno unathamangitsapo kale nkhalamba imodzi ine ndikuona, ndipo wofuna kuchotsa yachiwiri ayambe wandinyamula ine.

Bambo akadali m'nyumba mwawo, akulima mbatatesi zawo. Kumudzi amanditchula kuti ndine mkazi wamwano, wosaopa akulu. Ndimavomera, ndipo chomwe chimandipweteka n'chakuti mwanowo unachedwa kukula.