Belo Limene Linabwerera ku Nambuma

Agogo anga aamuna, a Mbewe, amabwera m'maganizo mwanga ndi fungo la fodya wouma, lija lokanda kukhosi, losakanikirana ndi la chiguduli ndi utsi wa zinyalala zimene amayi ankatentha kuseri kwa chigafa. Kwathu ku Nambuma, nyengo yosankha fodya ikafika, iwo ankakhala pamphasa atatambalala, masamba ali mbwee, akung'ung'udza nyimbo imodzi yomweyo ya kutchalitchi, ndime yoyamba yokha, tsiku lonse.

Ndawakumbukira chifukwa ndalephera mayeso. Kwa zaka zambiri ndayang'anira ntchito yokumba mijigo ndi kumanga midadada ya sukulu m'bungwe la mpingo wathu, koma tsopano akuti woyang'anira aliyense akhale ndi satifiketi ya kayendetsedwe ka mapulojekiti. Ndinalemba, ndinagwa. Andipatsa mwayi umodzi wotsiriza, ndipo ndikagwanso ntchitoyo aipereka kwa wina. Munthu wa imvi ngati ine, kompyuta n'kumandifunsa chimene chimayamba pomanga! Pepala la zotsatira ndinalipinda n'kulilowetsa m'buku la nyimbo la malemu mkazi wanga, osaliwerenga mpaka pansi.

Ndili sitandade sikisi, belo lathu limodzi linabwezedwa ku okushoni. Anati fodya wake ngosakaniza. Ine ndinadziwa gwero lake: tsiku lina, pothamangira mpira, ndinaphatikiza masamba obiriwira m'timitolo tabwino. Ndinaulula, ndikuyesa andikwapula nkhani ithe. Agogo sanathyole mkwapulo. Anamasula belo lonse n'kundilozera pamphasa.

"Agogo, timitolo tanga ndikutidziwa. Ndingochotsa timeneto."

"Lonse."

"Kamtolo kalikonse?"

"Kodi labwera theka?"

Masiku atatu ndinakhala m'chigafamo, zala zitada ndi phula la fodya, mphuno zikuyabwa, anzanga akukuwa kubwalo la mpira, nyimbo ija ikungobwerera pa ndime yake yoyamba. Ndikamasula kamtolo n'kunena kuti kali bwino, iwo osatukula n'komwe mutu ankangoti, "Onanso." Ndikaonanso n'kukaika pambali, "Onanso." Mulungu andikhululukire, ndinalakalaka chigafacho chitatigwera tonse awiri.

Tsiku lachitatu ndinayamba kupeza masamba ankhungu m'timitolo timene sindinamange ine. Tinali tokulunga kawiri n'kupisira nsonga m'kati, kamangidwe ka agogo. Ndipo tinachuluka kuposa tanga.

"Agogo, aka si kanga."

Anakalandira, n'kukabweretsa pafupi ndi maso, kenako pamphuno. Anakanunkhiza nthawi yaitali.

"N'kanga," anatero. "Maso anayamba kale kundinamiza. Ukuyesa ndakukhazika pano kuti ndikulange? Ndikufuna maso akowo."

Sindinawamvere chisoni tsiku limenelo. Ndinapsa mtima kuposa poyamba. Bwanji osanena tsiku loyamba lomwe? Ndinafuna kufunsa, koma anali atandipatsira kale kamtolo kena. Belo lija linapitanso, ndipo silinabwerere.

Lamulungu lina posachedwapa mwana wanga Tiyamike, amene amaphunzitsa ku Namitete, anatenga buku la mayi ake kuti apite nalo ku Misa, pepala lija n'kugwa. Analiwerenga ali chiimire.

"Chinandisokoneza ndi Chingerezi cha gawo lomaliza lija," ndinatero. "Ndingobwereza lomwelo."

"Bambo, limenelo munakhoza. Mwagwa pa kakonzedwe ka ndondomeko ya ntchito."

"Iwe, zimenezo ndinayamba kuchita usanabadwe."

"N'chifukwa chake simunaziwerenge, eti?"

Zinali zoona: masamba amenewo a m'buku la maphunzirowo ndinkangowadumpha, ndikuti ndiwerengerenji ntchito ya m'manja mwanga.

Mayeso ali mwezi wamawa. Loweruka lililonse Tiyamike amatsika minibasi ndi mulu wa mafunso, n'kukhala pakhonde pamene mayi ake ankakhala, ndipo tayambira tsamba loyamba la buku lonse. Tiyamike agogo anga aja sanawaonepo, ndipo nkhani ya belo sindinamuuzepo. Koma ndikayankha msanga funso limene ndikulidziwa bwinobwino, iye osatukula mutu amangoti, "Onaninso, bambo."

Ndimaluma mano. Ndimafuna kumukumbutsa amene anamuphunzitsa kugwira pensulo. Kenako ndimavala magalasi, n'kuonanso.