Nkhoswe ya ku Chipera ndi Kachitsulo ka Elisângela

Ku Chipera kulibe ukwati umene unamangidwa njinga ya a Aniceto isanatsamire pamtengo wapabwalo. Bambowa ndi nkhoswe yotchuka, woonda ngati bango, wamantha ngati nkhuku yachilendo. Chilema chawo n'chimodzi: akamanga banja sachokapo. Amabwerabe kudzaona ngati ana akukhala bwino, ndipo amafika ndiwo zikungophulidwa.

Chaka chino wokwatiwa anali mwana wa mlongo wawo, Elisângela, amene anaphunzira kimika, sayansi ya mankhwala, ku Maputo n'kupeza ntchito m'laboratoriyo komweko. Mnyamata wake, Milton, analibe mawu. Mawu anali ndi azakhali a mnyamatayo, a Matilde, amene anamva kuchigayo kuti mtsikanayo amaphika mankhwala ndi chitsulo. Analengeza kuti pamtundu pawo sipalowa sing'anga, ndipo akapanda kumva zomveka Loweruka, ukwati palibe.

A Aniceto chakudya chinawakana, chinthu chimene mudzi unali usanaonepo. Anakwera pachulu pomwe rede ya telefoni imagwira, n'kuimbira Elisângela.

"Mwanawe, ndine mtsibweni wako, usandibise. Uli ndi nsupa kumeneko?"

Elisângela anaseka mpaka kutsamwa. "Atsibweni, mankhwala akuchipatala timachita kulumikiza tizidutswa. Tina tiwiri titha kukhala m'botolo limodzi osagwirana n'komwe. Tikathiramo kachitsulo pang'ono, dzina lake paladiyu, kamagwira aka, kagwire ako, n'kutilumikiza. Kenako kamasiya, kukalumikiza tina."

"Ndiye odwala akumeza zitsulo?"

"Ayi, pomaliza timakachotsamo. Kakatsalira kambiri n'koipa m'thupi."

Apo rede inathawa. A Aniceto anatsika pachulu akubwereza dzina lija, koma pofika pakhomo linali litasanduka "palaliya."

Loweruka anakhala pampando pabwalo la a Matilde thukuta lili kamukamu, chipewa akuchipotokola. Anafotokoza mwachibwibwi za tizidutswa tokanana, ndi kachitsulo kotigwirizanitsa. Dzina lake analilambalala.

"Ndiye kuti kachitsuloko ndi nkhoswe?" anafunsa a Matilde.

"Ndi momwemo, mayi! Nkhoswe yeniyeni, yachikhristu!"

"Nanga kakamaliza ntchito?"

"Amakachotsamo. Kakatsalira kamadwalitsa."

Mawu anatuluka asanawayeze. Wina kumbuyo anatsokomola. A Matilde anayang'ana njinga, anayang'ana mwini wake.

"Mtsikana wodziwa kuchotsa nkhoswe ikatha ntchito, ameneyo ndikumufuna. Ukwati ulipo. Koma inu bambo Aniceto, mwadzimvera nokha. Mwana wanga wamkulu munamumangira banja kalekale, nkhuku zake zikuthabe."

A Aniceto anapalasa kubwerera kwawo mtima utatsika, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Atafika pamlatho wamitengo nyimbo inaduka. Anakumbukira kuti mawa ndi Lamulungu, ndipo nyumba imene amadyako Lamulungu lililonse ndi ya mwana wamkulu wa a Matilde.