Mizere ya Mkamwini

Amuna anga anali mkamwini pamudzi pathu, kuseri kwa Vila, kumene lero mumati Lichinga. Masiku amenewo mkamwini wosalima ankamubweza kwawo, ndipo asipayo, apolisi a Apwitikizi, akamva za mwamuna wongokhala ankamutenga kukakumba msewu wa ku Meponda.

Tsono amuna angawo anayamba kugona choyang'ana kukhoma. Thupi osatentha, chilonda palibe. Ndikafunsa ankangoti, "Akazi anga, m'chifuwa muno mwada." Pakabwera alendo ankadzuka, n'kuseka nawo bwinobwino. Alendo akangopita, kukhoma.

Ine ndinkatenga khasu lawo lalikulu m'mamawa, nkhungu ikadali mbuu, n'kukakweza mizere ya batata monga ankakwezera iwo, italiitali, yonenepa. Dzuwa likamatuluka n'kuti nditabwerako, khasu nditalitsamiritsa pakhomo ndi dothi lake. Amalume ankadutsa n'kumati, "Koma tinakwatiwa ife! Walima kale, wagona." Ine n'kumaseka nawo.

Amuna angawo anadzipha nyengo yokumba batata isanafike. Pamenepo sindinenapo zambiri.

Maliro atatha, abale awo a ku Lione anakaima m'munda muja. Alamu anga, mlongo wawo wamkulu, analoza mizere.

"Munthu wolima chonchi angatope ndi moyo? Alipo wamulodza pano."

Maso onse anatembenukira kwa amayi anga, poti ndiwo ankatumiza thobwa kwa mkamwini wawo. Ena anayamba kunong'onezana zowamwetsa mwabvi kutchire, kumene Apwitikizi sakanamva. Amayi anangokhala pansi.

Ndinati, "Ndinkalima ndine. Amuna anga ankadwala."

"Iwe? Timikono timeneto?" anatero alamu. "Ukufuna kupulumutsa amako."

Ndinapita kukatenga khasu lija. Mwana wathu ali kumbuyo kwanga, ndinakweza mzere pambali pa inayo, mpaka kumapeto kwa munda. Unafanana ndi inzake ngati mapasa. Amuna a ku Lione anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ndipo za mwabvi zinathera pomwepo.

Alamu anatsalira. Anagwada, n'kufinya dothi la mzere watsopano m'manja, osandiyang'ana.

"Ankayang'ana kukhoma?"

"Eya."

"Bambo athu ankateronso. Atadzipha, tinauza anthu kuti anamira m'nyanja."

Anaimirira, n'kuvundukula nsalu kumsana kwanga. Anamuyang'ana mwana wanga wamwamuna nthawi yaitali, kenako anamufunditsanso pang'onopang'ono. Mwanayu lero ali ndi imvi, koma akangoti zii pakhonde, ine mtima umaima, ndimakokera mphasa pafupi naye.