Najekete ndi Simbi Yake

Zoti Najekete anapenga ndi bodza lamkunkhuniza. Akufalitsa zimenezo ndi omwe aja ankamwa naye tiyi, pakamwa posatseka ngati chitseko chothyoka.

Mayiyu anayamba kusita nsalu zapabedi ku hotela mwana wake woyamba ali kumsana, pano mwanayo akumera ndevu. Chipinda chositiramo n'chopanikiza, chotentha ngati uvuni. Tebulo analigunditsa kukhoma, ndiye wosita amafulatira chitseko, shelefu ya matawulo ili pamwamba pa mutu wake penipeni.

Atabwera akapitawo atsopano, aja a mimba yotsogola ndi kafungo ka anyezi m'khwapa, anayamba kukonda matawulo modabwitsa. Pang'ono pang'ono alowa, mkono ku shelefu, thupi lonse atamukhuthulira kumsana.

"Pepanitu alamu, malo ndi ochepa," akutero uku akumupumira m'khosi.

"Bwana, muzingonena, ndizikutsitsirani."

"Aa, mukuopa chiyani? Inetu ndi munthu wopemphera."

Kupemphera kwake kuti! Dzanja linalo linali litasochera kale.

Anakadandaula kwa amayi oyang'anira zipinda. Iwo anaseka mpaka kutsamwa: "Pa msinkhu wakowu uziyamika kuti alipo okuona." Kusiya ntchito sakanatha, ana onse amadyera simbi yomweyo. Ndiye anayamba kuvala chijekete cha malemu mwamuna wake, mabatani mpaka m'khosi, m'kutentha monsemo. Thukuta kamukamu, anzake kuseka, dzina loti Najekete n'kumupatsa. Tsiku lina kamwana kake komaliza kanamukumbatira chakumbuyo akutsuka mbale, iye n'kukakankhira pansi asanaone kuti ndi ndani. Analira onse awiri.

Kenako akapitawo analowanso, dzanja likufufuza pansi pa jekete. Najekete sanakuwe. Anagwira dzanjalo, kulipanikiza patebulo, n'kulikhazika simbi ngati akusita kolala.

Kukuwa kwa akapitawo! Ophika anathamanga poyesa kuti wina wagwidwa ndi magetsi. Pano abambowo akuyenda ndi bandeji, akuuza aliyense kuti mayi uja mutu sukuyenda, amayi oyang'anira zipinda n'kumavomereza ndi mutu, opanda ndi manyazi omwe. Amene anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo ndi Najekete.

Mayiyu ndi wabwinobwino, anangotopa kugwidwagwidwa ndi bambo amene onse ankadziwa khalidwe lake koma palibe anamuletsa.