Kabawuti Kamene Kanachotsa Maiguru Pakhomo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene fani ya kudenga ya bambo anga inayamba kugogoda. Tinkakhala ku Waverley, m'tauni ya Kadoma, m'dziko la eni, kutali ndi ku Malawi. Bambo, a Phiri, anali atapuma ntchito ya kumgodi, ndipo zomwe anatuluka nazo kumeneko zinali ziwiri: chifuwa chosatha ndi fani imeneyo, yomwe bwana wina anawasiyira posamuka. Mumsewu wathu wonse munalibe nyumba ina yokhala ndi chinthu chotero. Bambo anachita kukhomera siling'i pabalaza pokha kuti faniyo ipeze pogwira. Mlendo akafika, ngakhale mu Juni anthu akunjenjemera ndi chisanu, ankayamba aiyatsa kaye asanamufunse za kumene wachokera. Lamulo linali limodzi, loti mwana asaikhudze, ndipo lamba wa bambo ankadziwika mpaka kwa ana a nyumba zoyandikana nafe.

Mayi anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, choncho zosesa ndi zokolopa zinali zanga. Achimwene anga a Dalitso ankagwira ntchito kumgodi wa ku Turf, kunyumba ankabwera mwezi ukatha. Chaka chimenecho anakwatira Sekai, mtsikana wa Chishona wa ku Sanyati, ndipo anagwirizana kuti mkaziyo ayambe wakhala nafe mpaka iwo atapeza nyumba.

Kutatsala masiku awiri kuti mtengwayo afike, kunatulukira azakhali a Naphiri, mlongo wawo wa bambo, kuchokera ku Chegutu. Azakhali anali munthu woti akalowa m'nyumba ya eni, maso amayambira kudenga kufuna cholakwika. Anaona mapiko a fani ali bii ndi fumbi komanso zitosi za ntchentche, n'kutsonya. "Mtengwa adzati ife a ku Malawi ndife auve," anatero, kenaka iwo ndi bambo anapita kutauni kukagula nkhuku.

Sanandiuze kuti ndipukute, koma ndinamva. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndiye ndinakwera patebulo ndi kansanza. Litsirolo linakana. Ndinatenga mpeni, n'kumasula mapiko onse atatu, kukawatsuka pampopi panja. Phiko lililonse linkagwidwa ndi timabawuti titatu. Kamodzi kanandipulumuka m'manja a sopo, n'kugubudukira m'ngalande, basi osaonekanso. Ndinapisa dzanja m'matope onunkha mpaka m'chigongono koma sindinakapeze. Phiko lomaliza ndinalibwezera ndi timabawuti tiwiri, ndikudzinamiza kuti palibe adzawerenge.

Magetsi anabwerera tsiku lomwe mtengwa anafika. Kunali kotentha, kutentha kwa Okutobala kuja koti phula limamata kunsapato. Amayi a kutchalitchi analuluta pakhomo, Sekai anagwada moyenera, bambo n'kuimirira monyadira kukayatsa chuma chawo. Fani inazungulira kawiri bwinobwino, kenaka ko, ko, ko, uku ikuvina kudenga ngati yaledzera. Nthungululu zinathera m'kamwa. Ndinaona azakhali akuyang'ana kudenga, kenaka kwa mtengwa, kenaka kudenganso.

Alendo atapita azakhali anawakokera bambo kukhonde. "Achimwene, faniyi yazungulira zaka zingati osalira? Lero walowa munthu uyu, yayamba kugogoda. Malemu akazi anu akumukana ameneyu."

Ndimati bambo aseka. Munthu amene unyamata wake wonse unathera pakati pa makina, wodziwa kuti chitsulo chikalira ndiye kuti penapake pamasuka, anangoti, "Tiona." Kuyambira tsiku limenelo ankaiyatsa masana aliwonse, osati kuti iwapepese, koma kuti amve ngati malemu akadakwiya.

Chimandinyansa kwambiri n'chakuti ife ndi amene tinakulira kunyozedwa. Kusukulu ankatitcha mabhurandaya, dzina lonyozera obwera, ankati anthu a ku Malawi amayenda ndi mankhwala m'thumba, mwana akadwala m'kalasi ankayang'ana ife. Azakhali eniakewo ankalira nazo zimenezi pamaliro paliponse. Koma tsiku loyamba kupeza munthu wopanda wake pakati pathu, tinamuveka chovala chomwecho, ndipo chinamukwana bwino m'maso mwathu.

Sekai ndinkamutchula kuti maiguru, monga Ashona amatchulira mkazi wa mchimwene wawo, ndipo iye ankanditchula kuti tete, ndiye kuti mlongo wa mwamuna wake. Palibe munthu wamkulu anali atandipatsapo ulemu wotero. Ankandiluka tsitsi Lamlungu, ankandilandira mtsuko ndisanapemphe. Chichewa sankachilankhula, koma ankachimva mokwanira kudziwa zomwe zinkanenedwa kukhonde. Ine ndinkadya chakudya chophika iye, pakamwa nditatseka.

Sabata yachiwiri azakhali anabweretsa mneneri wawo wa ku Chegutu, bambo wa mkanjo woyera ndi botolo la madzi. Anazungulira pabalaza akubuula, maso ali chotseka, n'kumawaza madzi pa chinthu cha magetsi. Kuti akanatsegula diso limodzi lokha akanaona phiko likulendewera. Anadya nkhuku yathu, analengeza kuti m'nyumba mwalowa mphepo yochokera kumadzulo, mbali ya kwawo kwa mtengwa, n'kukakwera minibasi. Fani inapitiriza kugogoda. Bambo anatumiza uthenga ku Turf kuti achimwene abwere Loweruka, nkhani ya mkazi wawo idzakambidwe.

Lowerukalo masana tonse tinali pabalaza, fani ikugogoda pamwamba pathu ngati mboni. Azakhali asanatsegule mlandu, maiguru anaomba m'manja mwaulemu n'kupempha kuti aione faniyo. Anati bambo ake ndi okonza njinga ku Sanyati, ndipo iye anakula akuwongola mawilo. Palibe anavomera, palibe anakana. Anakazimitsa magetsi pamita, anavula nsapato, anamanga bwino chitenje, n'kukwera patebulo.

Anayamba wagwedeza pomwe fani inagwira kusiling'i, napeza kuti mpolimba. Kenaka anatenga mtengo wa tsache, kuugunditsa kusiling'i pafupi ndi nsonga ya phiko, n'kulemba ndi khala pomwe phikolo lalekezera. Anazungulitsa phiko lachiwiri kufika pamalo omwewo, linagwera pamzere womwewo. Lachitatu linatsika ndi zala ziwiri. Atalikhudza linagwedera ngati dzino la mwana. Anasuzumira pamwamba pake, n'kuika chala pa kabowo kopanda kanthu, pambali pake pali mikwingwirima ya mpeni.

"Ndiani akabvisa bapiro iri?" anafunsa m'Chishona. Ankafuna kudziwa amene anachotsapo phikolo. Anafunsa onse, koma maso ake anali pa ine, ndipo sanali maso aukali.

Ndinayang'ana lamba wa bambo. Ndinayang'ana pansi pomwe ndinakolopa m'mawa.

Maiguru anadikira pang'ono, kenaka anatsika. Kuseri kwa nyumba kunali njinga yakale ya bambo yopanda matayala. Anamasulako kabawuti kofanana msinkhu, anakamanga ndi mpeni womwe uja, analimbitsanso tina tonse, n'kuyezanso ndi mtengo wa tsache. Atayatsa magetsi, fani inazungulira mwakachetechete, kamphepo kayaziyazi kakutsikira pamitu yathu. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha popanda ine kulawa lamba.

Azakhali anaomba m'manja kamodzi. "Mwaona, achimwene? Munthu wa Mulungu walephera, uyu wangogwira, chatonthola. Chinthu chimamvera mwini wake. Ndipo anadziwa bwanji poyang'ana ngati sanamasule yekha?"

Bambo anali ataona kabowo kaja ndi maso awo. Anakhosomola, n'kunena kuti nkhani zotere amazidziwa ndi akazi. Achimwene, mwamuna wathunthu wophwanya miyala pansi pa nthaka, anakhala akuyang'ana nsapato zawo ngati azigula kumene. Anati mwina maiguru apite kaye kwawo mpaka zinthu zitazizira. Lolemba m'mawa ndinawanyamulira maiguru chikwama mpaka pokwerera basi ya ku Sanyati. Anandipatsa chipeso chawo. Zinthuzo sizinazizire, ndipo sanabwererenso.

Kwa zaka zambiri ndinkanyoza azakhali, mneneri wa botolo uja, bambo ndi achimwene, ndipo mpaka pano sindinawachotsere kanthu. Za ine ndinkati ndinali mwana. Koma mlandu suola. Ndili ndi ana anga awiri kale, tsiku lina ndinalowa m'kasitolo ka zipangizo za njinga m'tauni ya Kadoma kufuna chubu, ndipo kuseri kwa kauntala kunali maiguru, atanenepa, imvi zitayamba. Anandizindikira nthawi yomweyo. Tinafunsana za moyo. Anakwatiwanso, ali ndi ana anayi, sitoloyo ndi yawo. Ndinaulula zonse, mpeni, sopo, ngalande, misozi ili chuchuchu pamaso pa makasitomala.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, akukulunga chubu changa m'pepala. "Ndaizviziva, tete," anatero, kutanthauza kuti ankadziwa. Anati m'nyumba monse muja munthu wopukuta zinthu ndinali ine ndekha. Anati akanatha kunditchula dzina ali patebulo paja, koma sanafune kugula banja lawo ndi msana wa mwana wamasiye. Anangodikira kuti ndinene ndekha.

Tsopano ndimamvetsa kuti chokonza fani n'chapafupi: umazimitsa magetsi, umayeza, umapeza pomwe pamasuka. Anthu amene aganiza kale zoti akuchotse sungawakonze ndi umboni, umangowapatsa chonenera china. Chomwe chikanawatseka pakamwa tsiku lija chinali mawu a wa m'nyumba mwawo, mawu awiri okha, akuti ndine ndinamasula. Lamba wa bambo akanandipweteka masiku atatu. Ndinamuyeza ndi ukwati wa munthu amene ankanditeteza, ndipo ndinasankha khungu langa.