Ndinakumba Mtedza M'sabata Yopumitsa Miyendo

Amene anandilowetsa m'zothamanga ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga. Iye anali atathamangapo mpikisano wa malathoni kawiri ku Lusaka, ndipo mamendulo ake ankalendewera pabalaza kuti mlendo aliyense afunse. Ine ndinali mphunzitsi wa masamu wa kamimba, ndipo ndinkafuna chinthu chimodzi basi: kumaliza makilomita makumi anayi ndi awiri ndi miyendo yangayi.

Tinakonzekera miyezi isanu. Loweruka lililonse m'mamawa tinkatuluka mu Chipata kulowera ku Madzimoyo n'kubwerera, maminibasi akutiimbira hutala. Poyamba ankandidikira pachitunda chilichonse akuseka: "Alamu, mlongo wanga amakudyetsani mopitirira." Koma miyezi itapitapo zinthu zinatembenuka. Tsiku lina ndinacheuka pamwamba pa chitunda, n'kumuona ali kumunsi atagwira m'chiuno. Ndinamuseka kwambiri, monga achitira anthu pachilamu, ndipo nkhaniyo ndinakaifotokozanso kunyumba anthu ali phee. Nayenso anaseka, koma mano okha.

Za masabata awiri omaliza anandiphunzitsa ndi iyeyo. Anati nthawi imeneyo si yolimbikira ayi, ndi yochepetsa. Sabata yoyamba uthamange theka la mtunda umene unazolowera, yomalizayo ungoyendetsa magazi, uzimwa madzi, uzigona masana. "Mwendo uli ngati batire, alamu, umafuna kudzaza," anatero. Tinapangananso za tsiku la mpikisano: kuyamba mofatsa, mphindi zisanu ndi imodzi pa kilomita, phewa ndi phewa mpaka kilomita ya makumi atatu. Wotchi yoyeza liwiro inali yake, choncho ine ndinali wongotsatira.

Lolemba la sabata yomaliza, sukulu zitatsekera, mkazi wanga analandira foni yochokera kwawo ku Kasenengwa. Mtedza wakhwima, chiswe chayamba kulowa, akamwini abwere adzathandize kukumba. Mkamwini angauze bwanji apongozi kuti sindibwera, ndikupumitsa miyendo? Kumudzi munthu wogona masana asakudwala ali ndi dzina limodzi lokha, ndi mlesi. Ndinaimbira mlamu uja kuti andilankhulire, poti ndi makolo ake.

"Pitani, alamu, musachititse manyazi mlongo wanga," anatero. "Nanenso ndikupezani mawa. Masiku awiri sapha munthu."

Sanabwere. Anati ku ofesi kwamugwira. Ine ndinakhala masiku atatu ndi khasu, wowerama kuyambira m'mawa, kenako n'kumasenza matumba kupita nawo kungolo. Pobwerera Lachinayi ntchafu zinali ngati matabwa, moti pokhala pampando ndinkachita kugwirira khoma. Lachisanu tinakwera basi ya ku Lusaka, tsiku lonse miyendo itapindidwa.

Pa mpikisanopo mnzangayo anali wopepuka ngati wagona mwezi wathunthu. Titangodutsa kilomita yakhumi ndinamva kuti tikuthamanga kuposa mmene tinapanganira. Ndinamufunsa, iye anayang'ana wotchi n'kuti, "Tili bwinobwino." Pa kilomita ya makumi awiri ndi zinayi minofu inakungana, ndinaima chilili pakati pa msewu. Anandisisita paphewa n'kuti, "Mundipeza kutsogolo," basi n'kumapita. Ine ndinafika pomalizira ndili m'galimoto yotola otsalira, pamodzi ndi agogo ena amene ankasanza.

Kwa miyezi iwiri ndinkadzida ndekha. Ndinkati ndine wofooka, ndinalowa masewera a eni ake ndi ukalamba wanga. Mlamu wanga ankanditonthoza mokoma, akuti chaka chamawa zidzatheka.

Mu Juni tinapita tonse ku Kasenengwa kukaona makolo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango tikusenda mtedza womwewo, mlamu wanga ali pambali panga. Apongozi aakazi anabwera n'kugwada chapatali, nkhope atalozetsa kumbali monga mwa ulemu, nayamba kundithokoza.

"Bambo, munatigwirira ntchito yaikulu, Mulungu akudalitseni. Ifetu sitinafune kukuvutitsani. Akhristu anzathu a mumphakati wathu anali atalonjeza kudzatikumbira sabata yotsatira. Koma alamu anuwa anaimba foni, akuti mudikiriranji, akamwini anu angokhala masiku ano, zothamanga aimitsa, aitaneni sabata ino."

Ndinaomba m'manja n'kuti, "Zikomo, amayi." Ndikanatinso chiyani pamaso pa apongozi? Akanakhala munthu wina aliyense ndikanati sanadziwe. Koma mlamu wangayu ndi amene anandiphunzitsa ndi pakamwa pake zimene masiku atatu a khasu angachite ku miyendo m'sabata imeneyo. Anadziwanso kuti kukana sindikanatha, chifukwa anasankha khomo lokhalo limene ine sindingatseke. Zinandipweteka kuposa kulephera kuja, ndipo mpaka lero zimandipwetekabe.

Apongozi atabwerera kukhitchini, ndinatembenuka n'kumuyang'ana. Ndinkadikira kuti aphulike kuseka, anene kuti chinali chipongwe cha pachilamu chimene chinangopitirira muyezo, ine ndimulalatire, nkhani ithere pomwepo. Ndinali wokonzeka ndithu kumukhululukira akanangoseka. Sanaseke, ndipo sanadzutse mutu. Anatapa mtedza wina m'lichero n'kupitiriza kusenda.